Chipinda cha alendo chinkagona makatoni, alendo n'kumagona pansi

Ukakhala ku Zomba kuno alendo sasowa, ufune usafune. Chipatala cha Central chili konkuno, nde wachibale aliyense wa ku Jali, ku Mayaka, ku Chingale olo mbali za ku Kachulu uko akangomuuza kuti pitani kuchipatala chachikulu, woyamba kumuganizira ndiwe wokhala mtauni. Kuli giladuweshoni ya ku Chanco, kuli odzaona m'bale wawo kundende, kuli odzalondola mapepala awo ku MANEB, ena amangobwera kudzakwera phiri basi. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975 koma alendo ake sanasamuke nawo kkkk.

Ine ndine mayi wapabanja, timakhala ku Chinamwali nyumba ya lendi, zipinda zogona zitatu. Chimodzi chathu, china cha ana, chachitatu tinagwirizana tikulowa kumene kuti chikhale cha alendo. Zimene zinachitikira chipinda chimenecho ndi zomwe ndikufuna ndikuuzeniko, chifukwa ndikamacheza ndi azimayi anzanga ndimapeza kuti nkhaniyi ili m'nyumba zambiri, kungoti timabisana.

Oyamba kuikamo katundu anali achimwene anga, tsiku lomwe amanyamuka wa ku Joni. Anati chemwali tandisungireko tizinthu tangati, ndibwera pa Khirisimasi. Tizinthu take tinali matilesi, wailesi ya masipika awiri akuluakulu, njinga yopanda tcheni ndi masutukesi. Khirisimasi zadutsa zambirimbiri munthu osabwera. Kenako mwana wa alamu anga anasankhidwa kupita ku Chanco, amachita lendi ku Chikanda ngati anzake ambiri, ndiye holide ikakwana posafuna kulipira chipinda chomwe sakugonamo amabweretsa zonse kwathu, makatoni a mabuku, hotipuleti, mabigiri, kenakonso anayamba kubweretsa ndi za anzake. Sukulu ikatsegulira amatenga theka, theka n'kusiya. Anamaliza, anapeza ntchito ku Lilongwe, makatoni ali phee kwathu. Amayi anga atamwalira katundu wawo anabweranso kwa ine poti ndine wamkulu mwa akazi, zitenje, mbale, sutukesi yachitsulo ija ndi mashini awo osokera a Singer opukusa pamanja, akuti zidikire tsiku lomwe amalume adzaitanitse abale tidzagawane.

Izo ndi za eni ake. Zathu nazo zinalipo. Ine ndinachitako geni ya kaunjika, ndipo amene anatsegulapo belo akudziwa kuti pansi pake pamatsala zovala zoti olo utsitse mtengo bwanji palibe ozigula, ndiye zimenezo ndinkazithira m'matumba ati ndidzagulitsa nthawi yokolola anthu akakhala ndi ndalama. Zigubu za mafuta ophikira, mabotolo a Sobo, timakontena ta majarini, majumbo opindapinda. Bambo akunyumba nawonso TV yakale ija yamimba kumbuyo yomwe inapsa, mafoni akufa, machaja, matayala awiri a galimoto yomwe tinagulitsa kalekale. Chipinda chinadzadza kuti tho mpaka chitseko chimatseguka theka, zina zinayamba kusefukira mukolido, pansi pa mabedi, pamwamba pa wodilopu. Tikakolola kumunda kwathu ku Thondwe matumba a 50 kg aja analibenso kolowera koma pabalaza, kuseri kwa sofa mpaka kufika pawindo, munthu kulowa umangoona ngati walowa pa depoti ya ADMARC.

Anthu akamva nkhani yotere amafulumira kunena kuti ndi uve kapena ulesi. Ine ndimakana. Ndinkasesa tsiku ndi tsiku, kukolopa, mbale zoyera bwinobwino. Koma ife amene tinaona njala ya 2002 tili ana kutaya chinthu kumatipweteka mumtima, chigubu timaona kuti chidzatunga madzi tsiku lomwe mipope idzaume, nsanza timati tidzapukutira pansi. Ndipo mwa katundu yense uja wochuluka sanali wathu, tinkangosunga, ndiye chinthu cha mwini umachitaya bwanji? Kukana kusungira m'bale wako nakonso kuno kwathu ndi mlandu, amati wayamba kunyada poti uli mtauni.

Chomwe chinasintha poyamba ndi mmene ndimamvera mawu oti odi. Kale ndikamva odi ndinkathamanga mosangalala, koma zinafika poti ndikamva odi mtima umagunda, maso amathamangira pabalaza kuona kuti pali bwanji. Ndinaphunzira kutuluka msanga, kukoka chitseko kumbuyo kwanga n'kuuza mwana kuti tatulutsa mipando. Mawu anga anali amodzimodzi, tikhale pompano pakhonde mkatimu mukutentha. Abale, mwezi wa June ku Zomba, chiperoni chili mbuu phiri osaoneka, mlendo wafunda chitenje mpaka kumutu, ine ati mkatimu mukutentha kkkk. Tiyi ndimabweretsa, mbatata ndimabweretsa, koma munthu sachedwa kuzindikira kuti pakhomo pano sakumufuna mkati. Amakhala pang'ono n'kutsanzika.

Kumphakati kwathu timasinthana nyumba zokumanirako. Ulendo wathu ukayandikira ndinkapeza chonena, pena kuti kwabwera odwala, pena kuti landilodi akufuna kukonza denga, ndikapempha mayi wina kuti tisinthane. Anthu anatopa nane, anasiya n'kundifunsa komwe, amangodumpha dzina langa. Mnzanga wina amene tinakulira limodzi, woti kwawo ndimalowa mpaka kuchipinda n'kukhala pabedi tikucheza, tsiku lina anandifunsa mosazungulira kuti kodi iwe ndinakulakwira chani, kapena amuna ako sandifuna? Iye amaganiza kuti pali nkhani. Ine kumuuza kuti vuto ndi makatoni manyazi anandigwira, ndinangoti palibe, nde anayamba kubwera patalipatali.

Koma yomwe inandilasa kwambiri ndi ya apongozi anga. Anabwera kuchokera ku Jali kudzaonana ndi adokotala za miyendo, anafika madzulo, tinadya bwinobwino nsima ya matemba omwe anabweretsa okha a ku Chilwa. Nthawi yogona itakwana ndinakankha tebulo, ndinayala mphasa pabalaza pakati pa sofa ndi matumba a chimanga, n'kuikapo kamatilesi ka ana kopyapyala. Anayang'ana mphasa, anayang'ana chitseko chotseka chija mukolido, n'kufunsa kuti, "Apongozi, kodi umo mwagona ndani?" Ndinati mulibe munthu amayi, muli katundu. Anangoti "oho" basi. Usiku ndinkamva makoswe akuthamangitsana pamatumba paja, ndinkamvanso iwo akutembenuka, akutsokomola ndi fumbi la chimanga ndi fungo la mankhwala a anankafumbwe lija. Munthu wamkulu wodwala miyendo, kudzuka pansi mpaka agwire sofa. Kunja kusanayere ndinawapeza apinda kale zofunda, akhala pakhonde.

Sananene kanthu kwa ine, olo kwa mwana wawo. Tsiku lawo lobwereranso kuchipatala litafika tinangomva kuti afikira ku Matawale kwa mwana wawo wamkazi, kanyumba ka chipinda chimodzi ndi balaza, komwe ana anasamutsidwa pabedi kuti agogo agone. Mawu omwe ananena kumeneko anandipeza kudzera kwa alamu anga, akuti kwa achimwene anu kuli malo a katundu koma a anthu kulibe. Kumudzi nkhani inafika itakula kale, inali yoti mkazi wa uje safuna abale a mwamuna. Ine amene ndimawatumizira sopo ndi shuga mwezi ndi mwezi.

Ndiye pali inanso yoseketsa koma yoopsa. Mwana wanga wamng'ono anabwera akulira kochokera kosewera, akuti anzake akumunena kuti kwanu kuli chipinda chosatsegula, muli ndondocha. Mukudziwa mmene timakhalira m'makomboni mwathu muno, chipinda chokhala chokiya chaka chonse, makatani osatsegula, alendo kuthera pakhonde, bambo ali ndi kageni koyenda bwino, anthu amawerengera okha n'kupeza yankho lawo. Ndinaseka mpaka misozi koma usiku tulo sindinatione, chifukwa mawu a mwana amakhala atachokera pakamwa pa akuluakulu.

M'banjamo namo munalowa mphepo. Bambo anasiya kubwera ndi anzawo, mpira wa Bullets ndi Wanderers omwe kale ankaonera pakhomo anthu ali piringupiringu ine ndikukazinga mtedza, anayamba kukaonera kumalo omwera, kubwera usiku. Tikayamba kukambirana zochotsa zinthu aliyense amaona za mnzake. Iwo amati zigubu zakozi ndi nsanza za kaunjika, ine ndimati nanga chiTV chakufacho ndi matayala, iwo amati katundu wa achimwene ako, ine ndimati makatoni a mwana wa achemwali anu. Mwaona pamene imathera? Imayamba ndi chigubu n'kukathera pa abale ako abale anga, ndipo ikafika pamenepo siikhalanso nkhani ya katundu. Zing'onozing'ono nazo zimawonjezera moto, mwana watentha thupi m'mawa kabuku kake kakuchipatala sikakuoneka, nonse mukufudukula m'makatoni uku mukulozana zala. Masizasi, matochi, maloko tinkagula kawirikawiri zinthu zoti m'nyumbamo zilimo kale, kungoti zili pansi pa chani kaya.

Chipindacho chinatsegulidwa ndi Freddy. Namondwe uja atawononga mu March 2023 kutchalitchi analengeza kuti aliyense abweretse zovala ndi ziwiya zothandizira anzathu omwe madzi anawatengera zonse, ine mumtima ndinati apa nde pabwino, matumba anga a kaunjika aja apeza ntchito. Ndinakankha chitseko, fungo lomwe linandilandira silinali la masewera. Amene simukhala kuno mwina simudziwa, Zomba ili m'tsinde mwa phiri, mvula imagwa yambiri ndipo dzinja makoma amachita thukuta, chinthu chogundana ndi khoma m'chipinda chosapita mphepo chimachita chuku. Matumba apansi zovala zinali zitamatana, zamawanga akuda, ukakoka zimangong'ambika. Makoswe anaswera m'katoni ya mabuku, anatafuna mawaya a wailesi ya achimwene. Mphemvu osanena. Zitenje za malemu amayi zomwe zinali kunja kwa sutukesi ziwiri zinali zitaola m'mphepete. Pa mulu wonse uja zoti ndingapereke kwa munthu osachita manyazi zinangokwana jumbo imodzi yaikulu. Anthu akugona m'makalasi opanda chofunda, ine ndawoletsa zovala m'chipinda chokiya.

Tsopano kwa amene muli ndi nyumba ngati yangayi, apa mumvetsere. Musadzuke tsiku limodzi mutapsa mtima n'kuyamba kutaya kapena kuotcha zonse. Katundu wa eni ake ukamutaya osafunsa, chinthu chomwe mwini anachiiwala kalekale chimasanduka chamtengo wapatali tsiku lomwe wamva kuti chatayidwa, ndipo mlandu wake umafika mpaka kwa ankhoswe. Ife tinayamba ndi kutulutsa zonse panja tsiku la dzuwa n'kuzipatula potengera mwini wake, izi za uje izi za uje. Ndinayambira dala pa zanga kuti bambo asapeze ponenera. Zigubu ndi mabotolo ndinapita nazo ku Mpondabwino, amayi ogulitsa thobwa ndi oyeza mafuta analanda ngati akuzidikira. Zovala zowola tinaotcha. Zitsulo, njinga za ana zakutha, mbaula zobooka, anatenga anyamata ogula sikirapu oyenda ndi sikelo aja. Ndalama yake sinali yoti n'kulemera nayo koma inagula penti ndi laimu wopaka chipindacho.

Achimwene ndinawajambulira chinthu chilichonse n'kutumiza pa WhatsApp, ndinalemba mwaulemu kuti achimwene katundu wanu akuwonongeka ndi chinyontho, mundiuze chochita. Mukudziwa anayankha chani? Akuti kodi njinga imeneyo ndi yanga? Anali ataiwala. Anati matilesi ugonekepo alendo, wailesi upatse mwana wa achemwali, masutukesi okha undisungire poti muli masetifiketi. Zaka zonsezi ndikulondera zinthu zoti mwini sakuzikumbuka n'komwe.

Ya mwana wa alamu ija sinayende bwino chotero. Bambo ndi amene anaimba, poti ndi mbali yawo, ndipo ili ndi langizo langa, aliyense alankhule ndi abale ake, iwe mkazi ukaimbira abale a mwamuna kuti dzatengeni katundu wanu amamva ngati ukuwathamangitsa. Mnyamatayo anati ndibwera kumapeto a mwezi, mwezi unatha, wina unathanso. Mapeto ake bambo anakweza makatoni pa minibasi n'kukawatula kwa mayi ake ku Matawale. Alamu anakwiya, akuti nyumba yaikulu yonseyo makatoni atatu okha achepetsa malo? Mpaka lero moni wake amakhala wouma. Ndikunena izi kuti mudziwiretu, pena wina amakhumudwa ndithu olo muchite mwaulemu bwanji.

Katundu wa malemu ndi amene anali wolemera mumtima. Uyu sagawa munthu mmodzi, ndipo ine ndimaona kuti enafe tinkazengereza dala, chifukwa kugawa zitenje za amayi kuli ngati kuvomera kachiwiri kuti anapitadi. Ndinapita ndekha kwa amalume, ndinawafotokozera kuti zinthu zayamba kuola, anaitanitsa azichemwali anga ndi azakhali tinakumana Loweruka lina kwathu. Titatsegula sutukesi yachitsulo ija fungo la amayi linali momwemo, la sopo ndi mafuta omwe ankadzola, tinalira tonse ngati maliro achitika dzulo. Kenako tinayamba kuseka, uyu akukumbutsa kuti chitenje ichi anavala pa chinkhoswe cha uje, ichi ndi chomwe anatimenya nacho titaba shuga. Aliyense anatenga gawo lake, zina amalume anati zipite kwa agogo ena akumudzi omwe amayi ankawathandiza. Mashini a Singer anagwera ine, ndinakawakonzetsa kumsika waukulu ndipo akusoka, mayunifolomu a ana ndikuzigamba ndekha. Tsiku limenelo ndi loyamba abale anga onse kudyera limodzi m'nyumba mwanga chichokereni maliro.

Chimanga sitingachitaye, nanga tidya chani. Chomwe tinachita ndi kuchotsa makala ndi zitsulo m'kasitolo ka kukhitchini, tinayala mapulanga pansi kuti matumba asakhudze simenti, osagunditsanso kukhoma. Tinagula matumba a PICS aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati, ukamanga bwino mpweya sulowa ndipo anankafumbwe amafera momwemo, sipafunikanso kuthira mankhwala, bola chimangacho chikhale chouma bwino. Chotsala chomwe sichikanakwana tinachisiya kumudzi, timakatenga tikafuna kupita kuchigayo.

Kanthu kena kakang'ono, m'kabati ya pabalaza munali mbale ndi makapu omwe ndinalandira pa ukwati, ati za alendo, ana akakhudza ndimakalipa. Alendo ake ati poti onse amathera pakhonde ndi makapu apulasitiki? Ndinazitsuka, zina tikudyera tsiku ndi tsiku, zina ndinapatsa mtsikana wa kumphakati yemwe amalowa m'banja.

Mphakati unabwera kwathu patapita nthawi, ndinachita kupempha ndekha kuti ulendo uno ndi kwathu. Anthu anakhala pa sofa ena pamkeka, ndipo ndinasiya dala chitseko cha chipinda chija chili chotsegula, makatani okweza, kuti wopita kubafa aone yekha kuti ndondocha mulibe kkkk. Mnzanga uja ndinamuuza zoona zake zonse, anaseka mpaka kugwira m'mimba, akuti iwe ukanandiuza ndikanabwera kudzakuthandiza kunyamula, kwanga pansi pa bedi ukudziwako? Ndinapeza kuti anthu ambiri sabwera kudzayendera nyumba, amangofuna pokhala ndi nkhope yomasuka. Panopa olo pabalaza pali zidole za ana mbwee ndimangoti lowani, ndikusuntha uku tikucheza.

Apongozi sanabwere okha ayi. Bambo anachita kupita ku Jali kukawatenga, ndipo anabwera monyinyirika. Ndinawalowetsa m'chipinda muja, bedi loyala, matilesi a achimwene aja titawayanika padzuwa masiku angapo, neti yomanga kale, kampando poika chikwama. Anakhala pabedi, anadinikiza matilesi ndi dzanja, anayang'ana kudenga n'kunena kuti, "Kani chipindachi n'chachikulu chonchi." Anakhala sabata yathunthu. Zonse sizinathe, mawu aja oti sindifuna abale a mwamuna kumudzi alipobe kwa ena, mbiri ikapita siibwerera yonse. Koma ulendo wotsatira anaimba okha kuti ndikubwera Lachiwiri.

Osungitsa katundu sanasiye kubwera. Mwezi wathawu msuweni wanga amasamuka ku Sadzi, anafika ndi firiji ndi mipando pa kalole ati masabata awiri okha. Masiku ano sindikana koma sindingolandiranso, ndimafunsa bambo ali pompo kuti mudzatenga liti, ndipo tsikulo likadutsa tikaperekere kwa ndani. Ndimanenanso poyera kuti m'chipinda cha alendo simulowa kanthu, ngati pakhonde lakuseri sipakwana ndiye kuti malo tilibe. Anadabwa, anati achemwali mwayamba malamulo, koma firiji anadzatenga pa tsiku lake.

TV yamimba ija yokha nde yakanika. Matayala anapita, mafoni akufa anapita, koma iyo bambo akuti inali yoyamba kugula ndi malipiro awo oyamba ndipo ikhoza kukonzeka. Anapita nayo kwa okonza mawailesi mtauni, anawauza kuti zipangizo zake zinasiya kupezeka, anabwera nayo pa kabaza ataikumbatira. Panopa ili pamwamba pa wodilopu kuchipinda kwathu, ndaifunditsa chitenje, ndipo anyamata a sikirapu akamadutsa mumsewu akukuwa bambo amandiyang'anitsitsa ngati ndapangana nawo.